Funsani Alangizi: Rozi Wamfupi wa Maluwa a Olenji

Makalata ambiri mwezi uno akufunsa za duwa limodzi, rozi wamfupi uja wochita maluwa a olenji m'magulumagulu, amene ogulitsa mbande m'mbali mwa misewu amakonda kumuika patsogolo chifukwa amakopa maso. Ndi wa gulu la floribunda, ndipo aafupi kwambiri amatchedwa patio. Amatalika masentimita 45 mpaka 70, n'kutambalala pafupifupi chimodzimodzi. Wodziwika m'gululi ndi Trumpeter, wa olenji wopita kofiira, amene Sam McGredy anamutulutsa mu 1977. Ambiri mumagula wopanda dzina, koma zimenezo zisakudetseni nkhawa, kasamalidwe kake n'kamodzi.

FUNSO: Ndagula rozi wa olenji ali m'chubu chakuda. Pakhomo panga ndi pa katondo wouma gwa. Ndidzale liti, nanga dzenje likhale lotani? Mnzanga akuti ndithire zitosi za nkhuku pansi pa dzenje.
Mayi wa ku Area 25, Lilongwe

YANKHO: Amayi, yambani mwasankha malo, za dzenje zibwere pambuyo. Rozi amafuna dzuwa la maola 6 kapena kuposerapo patsiku, ndipo la m'mawa ndilo lofunika kwambiri chifukwa limaumitsa mame pamasamba msanga. Musamudzale pafupi ndi mango, bulugamu kapena mtengo wina waukulu. Mizu ya mitengo imeneyi imalondola chinyezi, ikalowa m'dzenje lanu lamanyowa rozi amatsala wanjala. Talikirani ndi mamita 3 kapena 4. Pakhoma siyani masentimita 60, ndipo pewani pamene pamagwera madzi a padenga.

Dzenje likhale masentimita 50 m'litali, 50 m'lifupi ndi 50 kuya. Dothi lapamwamba muike mbali ina, lapansi mbali inanso. Musanakwirire thiranimo ndowa ziwiri za madzi madzulo. Mukapeza madzi akadalimo m'mawa, malowo ndi olowe, mizu idzaola nthawi ya dzinja. Zikatero kwezani bedi masentimita 25 n'kudzala pamwamba pake. Pa katondo zimenezi sizichitikachitika, koma pa makande n'zosasowa.

Dothi lapamwamba lija musakanize ndi ndowa imodzi ya malita 20 ya manyowa a khola kapena kompositi yoola bwino, imene yada bii ndipo yasiya kununkha. Pansi penipeni pa dzenje wazani magalamu 50 a feteleza wa D compound, musakanize ndi dothi, kenaka muphimbe ndi dothi lina lokhuthala masentimita 10 kuti mizu yanthete isakhudzane naye. Kwirirani, thirirani, dikirani masabata awiri kuti dothi likhazikike. Zitosi za nkhuku zaziwisi ayi. Zili ndi mchere ndi ukali umene umawaula mizu, mtengo n'kufota pasanathe sabata ngakhale mukuthirira. Ziunjikeni pamodzi ndi udzu, muzizitembenuza, zikhale miyezi itatu.

Podzala, thirirani chubu dzulo lake, ndipo muching'ambe ndi lezala m'malo mosolola mtengo, kuti dothi lisayoyoke kumizu. Yang'anani pa tsinde, mupeza potupa pamene anamezanitsa. Pamenepo pakhale polingana ndi nthaka kapena masentimita awiri pamwamba. Tsenderani dothi ndi manja, konzani kabeseni kozungulira, thirani malita 20. Ngati ali angapo, atalikirane masentimita 50 mpaka 60.

Nthawi yabwino ngati muli ndi madzi othirira ndi Epulo ndi Meyi: nthaka ikadali yofunda, dzuwa lafewa, matenda a masamba achepa, ndipo chilimwe chidzamupeza atazika mizu. Odalira mvula adzale kumayambiriro kwa Disembala. Okutobala musayerekeze.

FUNSO: Chaka chilichonse ikangofika Januwale masamba a marozi anga amachita madontho akuda, n'kusanduka achikasu, n'kuyoyoka kuyambira pansi. Pofika Malichi pamatsala timitengo tokhatokha. Rozi wa pinki amene ali pafupi savutika chonchi. Kodi a olenjiwa ndi ofooka?
Bambo wa ku Mulunguzi, Zomba

YANKHO: Abambo, mwaona bwino, ndipo funso lanuli ndilo lalikulu pa onse amene talandira. Matendawa ndi black spot, oyambitsidwa ndi kafangasi kotchedwa Diplocarpon rosae. Madontho ake mungawazindikire chifukwa m'mphepete mwake simosalala, mumaoneka ngati mwanyenyeka, ndipo mozungulira dontho tsamba limachita chikasu.

Zoti a olenji amagwidwa msanga zili ndi mbiri yake. Marozi ambiri akale a m'minda ya ku Ulaya anali oyera, apinki ndi ofiira. Chikasu chowala chinalowa kudzera mwa rozi wakuthengo wa kudera la Persia, Rosa foetida, pamene Joseph Pernet-Ducher wa ku Lyon ku France anatulutsa rozi wotchedwa Soleil d'Or, mbadwa ya wakuthengoyu, mu 1900. Marozi ambiri achikasu ndi a olenji a masiku ano ali ndi magazi a kholo limeneli, ndipo Rosa foetida sapirira black spot. Mitundu yatsopano ina ndi yolimbirapo, koma mtengo wogula pamsewu wopanda dzina muzingouyesa wosapirira.

Njere za fangasiyu zimamera tsamba likakhala lonyowa kwa maola pafupifupi 7, ndipo zimafala ndi madontho a madzi amene amadumpha kuchokera pansi kapena patsamba lodwala. N'chifukwa chake matenda amayambira m'munsi, komanso n'chifukwa chake ku Zomba, Mulanje, Thyolo ndi Nkhata Bay, kumene mvula imachuluka ndipo masamba amachedwa kuuma, vutoli limakula. Tsamba lochita kale dontho silichira. Mankhwala amene timagula kuno ambiri ndi oteteza, osati ochiza, choncho wopopera masamba atayamba kale kuyoyoka wachedwa.

Chitani izi. Mvula yoyamba ikangogwa, yambani kupopera mancozeb, yemweyo amene alimi a tomato amamudziwa kuti Dithane. Mlingo wake nthawi zambiri ndi magalamu 2 pa lita imodzi ya madzi, koma tsatirani zolembedwa pa paketi yanu. Poperani masiku 10 mpaka 14 aliwonse, ndipo mvula ikamagwa tsiku ndi tsiku, masiku 7 aliwonse. Sinthanitsani ndi chlorothalonil kapena copper oxychloride. Kamwa ya sipuleya iloze m'mwamba kuti kunsi kwa masamba kunyowe, ndipo mupopere m'mawa mame atauma, pa tsiku limene mukuona kuti papita maola angapo mvula isanabwere. Valani magolovesi ndi chophimba kukamwa ndi mphuno, ana ndi nkhuku akhale kutali mpaka masamba aume. Mankhwala mugule kwa ogulitsa ovomerezeka, ali m'paketi yakeyake yolembedwa, osati opimidwa m'timapepala pamsika.

Mankhwala paokha sakwanira. Masamba ogwa muzitola kawiri pa sabata n'kuwatentha kapena kuwakwirira mozama kutali, asapite pa kompositi. Phimbirani nthaka ndi udzu wouma kuti madontho a mvula asadumphire m'mwamba. Chotsani tinthambi topingasa pakati pa mtengo kuti mphepo izidutsa. Nthawi yothirira, madzi apite pansi, osati pamasamba, makamaka madzulo.

Mwina mungafunse kuti n'kuvutikiranji, popeza masamba amaphukanso. Masamba ndiwo khitchini ya mtengo. Kumayiko ozizira rozi amagona miyezi yachisanu atasunga chakudya, koma kuno sagona kwenikweni, amangopitiriza kukula. Akayoyola masamba mu Januwale amatapa chakudya cha m'tsinde kuti aphukenso, atsopanowo n'kugwidwanso, n'kutapanso. Zikachitika kawiri katatu m'dzinja limodzi, mtengo umafika Julayi uli ndi nthambi zoonda, ndipo pakatha zaka ziwiri kapena zitatu ungathe kufa. Rozi wamfupi ali ndi masamba ochepa kale poyerekeza ndi wamtali, ndiye lililonse limene lagwa limamupweteka kwambiri.

Amene ayoyoka kalewo musawadule kwambiri ndipo musawathire feteleza wambiri poganiza kuti muwadzutsa. Mtengo wopanda masamba sumwa madzi ambiri, mizu yake imaola kapena kupsa msanga. Dulani nsonga zouma zokha, chotsani timaluwa tosamasula kwa mwezi umodzi kuti mphamvu zipite kumasamba, ndipo masamba atsopano aja muwateteze kuyambira ali aang'ono.

FUNSO: Rozi wanga anali wa olenji zaka ziwiri. Chaka chino watulutsa nthambi zazitali ngati zikoti, maluwa ake ndi ang'onoang'ono oyera, ndipo a olenji akuchepa. Ena akuti wasintha mtundu chifukwa cha dothi.
Owerenga wa ku Katoto, Mzuzu

YANKHO: Dothi lilibe mlandu. Rozi womezanitsa ndi mitengo iwiri: mizu ndi ya rozi wolimba wakuthengo, pamwamba ndi wa olenji amene munamufuna. Nthambi zazitalizo zaphuka kuchokera kunsi kwa pomezanitsa. Zikakhala za Rosa multiflora zimachita timaluwa toyera m'magulu, zikakhala za mtundu wotchedwa Dr Huey zimachita ofiira oderako. Zimakula mwamphamvu kuposa wa olenji, ndipo mukazisiya zimamulanda madzi ndi chakudya mpaka afe.

Kawirikawiri masamba ake amakhala otuwirapo, ang'onoang'ono, timasamba 7 kapena 9 pa phesi limodzi pamene wa olenji amakhala ndi 5. Koma musadalire kuwerenga kokha, chifukwa nthambi yabwino nayo nthawi zina imakhala ndi 7. Fukulani dothi ndi dzanja mpaka muone pamene yachokera. Ikachokera pa chotupa chomezanitsa kapena pamwamba pake, ndi nthambi yatsopano ya wa olenji, nthawi zambiri yofiirira ndi yonenepa. Imeneyo ndiyo tsogolo la mtengo, isungeni, ndipo kukakhala mphepo ya mwera muimangirire ku kamtengo. Ikachokera kunsi kapena kumizu, valani magolovesi, igwireni patsinde n'kuikhadzula mokokera pansi kuti ichoke ndi maso ake. Mukangoidula ndi sizasi pamwamba pa nthaka, pamene panali imodzi pamaphuka zitatu. Kulimira ndi khasu pafupi ndi tsinde kumavulaza mizu ndipo pabala paja ndi pamene zimaphukira, choncho udzu wa pafupi muzizula ndi manja.

FUNSO: Kudulira kumandiopsa. Ndidule mwezi uti, ndipo ndisiye wotalika bwanji? Ndikufunanso kuti adzakhale ndi maluwa pa ukwati wa mwana wanga kumapeto kwa Seputembala.
Mayi wa ku Dedza

YANKHO: Amayi, rozi safa ndi kudulira, amene amafa ndi osadulirawo, chifukwa maluwa amabwera pa nthambi zatsopano ndipo mtengo wosadulira umangodzaza ndi zikuni zakale. M'madera ambiri a dziko lino nthawi yake ndi pakati pa Julayi mpaka kumayambiriro kwa Ogasiti. Mabuku ochokera ku England amanena Febuluwale kapena Malichi, imeneyo ndi nyengo yakwawo, musaitsatire. Kwanu ku Dedza, komanso kumtunda kwa Ntcheu ndi Mzimba, kumene chisanu chimatha kuwaula mbewu m'madambo, dikirani sabata yoyamba kapena yachiwiri ya Ogasiti kuti mphukira zanthete zisapse.

Zimenezi zikugwirizana ndi ukwati wanu. Kuchokera podulira kufika pomasula pamapita masabata 6 mpaka 8, kozizira kumachedwerapo. Mukadulira pa 5 Ogasiti kapena masiku oyandikana nawo, maluwa adzakhala pachimake kumapeto kwa Seputembala. Ngati muli ndi mitengo ingapo, ina mudulire sabata imodzi patsogolo, ina pambuyo, kuti nyengo ikasintha musagwire m'mutu.

Sizasi yodulira nthambi ikhale yakuthwa ndi yoyera. Chikwanje ndi mpeni wobuntha zimaphwanya nthambi, ndipo pophwanyikapo pamayamba kuuma kotsika pansi. Mukachoka pa mtengo wodwala, pukutani sizasi ndi spirit. Yambani ndi zouma, zodwala, ndi zonse zoonda kuposa pensulo. Chotsani zopingasa pakati ndi zokhulana. Pa zotsalazo sankhani nthambi 3 mpaka 5 zobiriwira, zonenepa, zoloza mbali zosiyana, ndipo yakale kwambiri, ya khungwa lotuwa ndi long'aluka, muidule patsinde penipeni osasiya chitsa. Zosankhidwazo muzifupikitse zitsale masentimita 25 mpaka 30, kapena tinene theka la msinkhu wa mtengo. Dulani mamilimita 5 pamwamba pa diso loyang'ana kunja, mopendeketsa pang'ono kuti madzi asakhazikike padiso. Mkati mwa nthambi yodulidwa mukhale moyera. Mukaona mofiirira, tsikani diso lina mpaka mupeze moyera.

Mukatha, thotholani masamba onse otsala, sesani pansi, tenthani. Apa ndi pamene mumadula mzere wa matenda a chaka chatha. Poperani copper oxychloride pa nthambi ndi pansi. Mabala aakulu mupake guluu woyera wa akalipentala kuti tizilombo toboola tisalowe mumtima mwa nthambi. Kenaka thirani theka la ndowa ya manyowa oola mozungulira, magalamu 30 a feteleza, ndi malita 20 a madzi.

Mtengo umene sunathe chaka chidzalireni musaudule motere, ungochotsedwa zouma ndi nsonga. M'kati mwa chaka, gulu la maluwa likafota lidulidwe lonse pamwamba pa tsamba loyamba la timasamba 5. Mukasiya, mtengo umayamba kupanga tizipatso n'kuleka maluwa.

FUNSO: Kuno kumatentha. Mu Okutobala maluwa amatuluka ang'onoang'ono, olenji wake amafwifwa tsiku lachiwiri lomwe, ndipo masamba amatuwa ngati awazidwa fumbi. Ndinapopera cypermethrin koma zinangoipiraipira.
Bambo wa ku Salima

YANKHO: Apa pali zinthu ziwiri. Kufwifwa kwa mtundu ndi ntchito ya kutentha. Olenji wa rozi ndi kusakanikirana kwa utoto wachikasu ndi wofiira m'duwa, ndipo kukatentha kwambiri duwa limamasula mofulumira lisanakhwime, limakhala ndi timasamba tochepa, utoto wake n'kuchepanso. Ena amatuwa, ena akamakalamba amapita ku pinki. Mtengo womwewo mu Meyi ndi Juni udzakupatsani olenji wozama. Kunyanja ndi ku Chigwa cha Shire dzalani kum'mawa kwa nyumba, kuti alandire dzuwa kuyambira m'mawa mpaka cha m'ma 12 koloko, masana akhale pamthunzi. Amene ali kale pamtetete muwamangire kachisakasa ka udzu woyalidwa mopyapyala mbali ya kumadzulo.

Masamba otuwawo ndi akangaude ofiira, omwe aja a pa tomato. Tengani pepala loyera, gwedezerani tsamba pamwamba pake, muona timadontho tikuyenda. Kunsi kwa tsamba kumakhala ulusi wopyapyala. Amakonda kotentha ndi kouma, komanso mtengo waludzu. Cypermethrin sawapha bwino, koma amapha tizilombo tina timene timawadya, n'chifukwa chake anachuluka mutapopera. Yambani ndi madzi: m'mawa uliwonse kwa sabata imodzi, tsukani kunsi kwa masamba ndi madzi amphamvu a paipi kapena a m'sipuleya yotsuka bwino. M'chilimwe masamba amauma msanga, ndiye black spot musamuope. Zikakanika gulani abamectin, mupopere kunsi kwa masamba, mubwereze pakatha masiku 5 mpaka 7 chifukwa mazira amatsala. Mankhwala a sulphur amathandizanso, koma kukatentha kuposa madigiri 30 amawaula masamba, choncho kwanuko m'chilimwe asiyeni.

Gwero la zonsezi ndi ludzu. M'chilimwe mtengo umodzi umafuna malita 10 katatu pa sabata, pa mchenga wa kunyanja tsiku lililonse kapena kudumphitsa limodzi. M'miyezi yozizira kawiri pa sabata n'kokwanira. Kuwaza kapu imodzi tsiku ndi tsiku kumangonyowetsa pamwamba, mizu n'kukwera kudzafuna madziwo, dzuwa n'kuiotcha. Pisani chala kapena kamtengo masentimita 10: mukapeza mouma, thirirani. Phimbirani ndi udzu, masamba ouma kapena makoko a mtedza mokhuthala masentimita 5 mpaka 8. Madzi otsukira mbale okhala ndi mafuta ndi mchere, kapena ochapira a sopo waufa, asapite pa rozi.

FUNSO: Ndili ndi feteleza wotsala wa chimanga, wokulitsa ndi urea. Ndingathire? Masamba ena ayamba chikasu.
Owerenga wa ku Kasungu

YANKHO: Wokulitsa wa chimanga, 23:10:5, angathandize, koma potaziyamu wake ndi wochepa, pamene rozi amamufuna kuti nthambi zilimbe ndi maluwa akhale ndi mtundu. Kwanu kuli fodya, ndiye D compound kapena Super D sasowa, ndipo ndi amene ali bwino. Thirani magalamu 30 pa mtengo, omwe ndi masupuni aakulu awiri osasefukira, masabata 5 kapena 6 aliwonse kuyambira podulira mpaka Epulo. Pakati pake mungawonjezere supuni imodzi ya CAN ngati masamba akuoneka otumbuluka. Meyi ndi Juni musathire, mtengo upumeko usanaduliridwe. Wazani mozungulira, masentimita 15 mpaka 20 kuchoka patsinde, pa nthaka yonyowa kale, n'kuthirira pomwepo. Urea ndi waukali, kulakwitsa pang'ono masamba amapsa m'mphepete, ndipo akachuluka amabweretsa nthambi zofewa zimene nsabwe zimakonda. Ngati mulibe wina, theka la supuni musungunule mu keni ya malita 10.

Za chikasu, onani kaye kuti ndi masamba ati. Akale a m'munsi akachita chikasu tsamba lonse, ndi njala ya nayitrojeni, kapena madzi achuluka kumizu. Akale akachita chikasu pakati pa mitsempha, mitsempha ili yobiriwira, ndi njala ya magineziyamu: supuni imodzi ya Epsom salt mu malita 5 a madzi, kawiri pa chaka. Anthete a kunsonga akatuwa, mitsempha yokha n'kutsala yobiriwira, mtengo ukulephera kutenga ayironi, ndipo kawirikawiri wolakwa ndi phulusa kapena laimu wochuluka, kapena zidutswa za simenti zimene omanga anakwirira pafupi ndi nyumba. Rozi amakonda nthaka ya asidi pang'ono, ya pH (muyeso wa asidi wa m'nthaka) 6 mpaka 6.5. Phulusa lodzaza dzanja limodzi pa mtengo kamodzi pa chaka ndi lokwanira, si pamalo potayira phulusa la kukhitchini. Amene mukufuna kudzala ambiri, kayezetseni dothi ku malo a kafukufuku wa zaulimi monga Chitedze kapena Bvumbwe musanagule laimu.

FUNSO: Mukuti tiziphimbira, koma ndikaphimbira chiswe chimabwera. Komanso pali tizilombo takuda ta mizere yachikasu tikudya maluwa.
Mayi wa ku Chileka

YANKHO: Chiswe chimatsata zouma, ndipo chimalowa mumtengo wamoyo kudzera pa zitsa zakufa kapena mtengo ukafooka ndi ludzu. Chophimbira chisakhudze tsinde, siyani masentimita 10 mozungulira. Mapesi a chimanga ndi amene chimawakonda kwambiri, ndiye pamalo a chiswe gwiritsani ntchito kompositi yoola kapena masamba. Nthambi zouma muzidula msanga, nthaka isaume gwa, ndipo dothi limene chamata patsinde muzilikokolola ndi madzi. Kuchotseratu chophimbira sikuthandiza, chifukwa chiswe chikasowa chakudya pansi chimakwera mumtengo.

Tizilombo ta mizereto ndi dzodzwe. Musamugwire ndi manja, madzi ake amatulutsa matuza pakhungu. M'mawa kukadali kozizira amakhala waulesi: mugwedezereni m'chitini cha madzi a sopo. Kupopera mankhwala pa maluwa omasula kumapha njuchi, ndipo dzodzwe wina amabwerabe mawa lake. Nsabwe zobiriwira za kunsonga muzifinya ndi zala kapena kuzitsuka ndi madzi. Zikachuluka, supuni yaing'ono imodzi ya sopo wamadzi wotsukira mbale pa lita imodzi, kupopera madzulo, kapena madzi a masamba a nimu osinja oviikidwa usiku wonse.

FUNSO: Ndimakhala nyumba ya lendi, ndikufuna rozi wa mumphika woti ndizisamuka naye. Anzanga ali naye wa olenji wokongola, kodi ndingadule nthambi n'kudzala? Ndinaona pa Facebook akubaya nthambi mu mbatatesi. Apo ayi, achimwene anga ali ku Johannesburg angandibweretsere pa basi.
Mtsikana wa ku Ndirande, Blantyre

YANKHO: Achemwali, rozi wamfupi ndi amene amakhala bwino mumphika. Ukhale wa malita 20 kapena kuposerapo, wozama masentimita 35 mpaka 40. Chigubu cha mafuta ophikira chodula pamwamba n'kutsuka bwino chimagwira ntchito. Boolani mabowo 6 mpaka 8 pansi, chikhazikeni pa njerwa kuti madzi azituluka ndi chiswe chisalowe. Dothi likhale magawo awiri lapamwamba, gawo limodzi manyowa oola, gawo limodzi mchenga wa kumtsinje kapena mankhusu a mpunga. Dothi lokhalokha limagwirana n'kutseka mpweya. M'chilimwe thirirani tsiku lililonse mpaka madzi atulukire pansi, feteleza supuni imodzi pa mwezi. Chigubu chakuda chikakhala padzuwa chimaphika mizu, chipakeni penti yoyera kapena chikulungeni ndi chiguduli. Pakatha zaka ziwiri, nthawi yodulira, mutulutseni n'kusintha dothi. Pakhonde lamthunzi tsiku lonse sachita maluwa, ndipo amagwidwa ndi matenda a ufa woyera pamasamba anthete, makamaka usiku kukamazizira masana kukufunda.

Kwa achimwene ku South Africa mitundu ya mayina ilikodi yambiri, nazale ya Ludwig's Roses kufupi ndi Pretoria ndi yodziwika kwambiri. Koma chomera sichingoloweka pa chipata cha dziko ngati katundu wamba. Pamafunika chilolezo cha unduna wa zamalimidwe kuno ndi chikalata cha kumene chikuchokera chotsimikiza kuti chilibe matenda. Chifukwa cha mtengo umodzi, n'chapafupi kudula nthambi kwa anzanuwo.

Mbatatesi isiyeni. Imaola n'kuoletsa nthambi, kapena imamera yokha. Njira yake ndi iyi. Nthawi yabwino ndi Epulo mpaka Juni. Sankhani nthambi imene yangomaliza maluwa, yonenepa ngati pensulo, yoti minga yake ikuthyoka mosavuta mukaikankhira pambali. Dulani zidutswa za masentimita 15 mpaka 20, chilichonse cha maso 3 kapena 4, m'munsi mudule kunsi kwenikweni kwa diso. Chotsani masamba onse kupatula awiri apamwamba. Ngati mungapeze ufa wothandiza kutulutsa mizu, viikanimo nsonga ya m'munsi. Bayani dzenje ndi kamtengo mu mchenga wa kumtsinje wotsuka wosakaniza ndi kompositi pang'ono, lowetsani theka la chidutswa, tsenderani, thirirani. Vindikirani ndi botolo la pulasitiki la malita awiri lodula pansi, chitsekero chili chotsegula, ndipo muike pamthunzi wowala, osati padzuwa. Mchenga ukhale wachinyezi, osati wamadzi chuu. Chidutswa chikada kuyambira pansi, madzi anachuluka.

Dzalani 8 kapena 10, chifukwa sizigwira zonse. Maso akaphuka pa sabata yachiwiri musafulumire kukondwa, zimenezo ndi chakudya cha m'nthambi chabe, mizu imatenga masabata 5 mpaka 8. Musazule kuti muone. Mizu ikayamba kuonekera pa mabowo apansi, chotsani botolo maola ochepa patsiku kwa sabata imodzi, kenaka musamutsire m'chubu cha dothi labwino. Timaluwa toyamba muzitithothola mpaka mtengo utakhala ndi nthambi zitatu kapena zinayi. Rozi womera ndi mizu yakeyake amachedwa kukula chaka choyamba poyerekeza ndi womezanitsa, koma mphukira iliyonse imene atulutse pansi idzakhala ya olenji, ndiye musaikhadzule.